Utsi wa Nkhumba pa Windo la Che Lajabu

Bowo limene linachotsetsa Che Lajabu ntchito ku Halale ndinaboola ndine, ndi hamala ndi tchizulo, dona ataima kumbuyo kwanga akumwa tiyi. Ndakalamba tsopano ndipo zambiri ndaiwala, ngakhale dzina la msewu umene tinkakhala, koma khoma lija ndingalijambule pansi pano ndi chala.

Kwathu ndi ku Utale. Ndinachokako chaka cha chilala, chimanga chitauma chisanamasule. Ndinali nditangolowa chikamwini, mkazi wanga ali woyembekezera, ndipo alamu anga anali atayamba kale kundiyang'ana m'kamwa ndikamadya. A msonkho nawo sankagona. Ndinakwera lole pa Balaka pamodzi ndi amuna ena ambiri, kudzera ku Mwanza ndi ku Tete. Za ulendowo chimene chinatsala m'mutu ndi ludzu, ndi msilikali wina wa Chipwitikizi amene anandivula nsapato pa doko la Zambezi n'kuziyesa pomwepo ine ndikuona. Mu Halale ndinalowa wopanda nsapato.

Ndinayenda geti ndi geti m'dera la azungu kufunsa ntchito, agalu akundiyankha eni ake asanatuluke. Pa nyumba ina panatuluka bambo wamtali, wowonda, wovala epuloni yoyera ndi mzuli kumutu. Ndinawapatsa moni m'Chilapalapa chothyokathyoka chimene ndinatola pa lole. Anandiyang'ana kumapazi, kenako anandifunsa m'Chichewa kuti kwathu n'kuti. Nditati ku Utale anaseka, akuti iwo ndi a pa Ulongwe, ndiye kuti tonse timatsikira pa Balaka. Analowa m'nyumba kukalankhula ndi dona, ndipo tsiku lomwelo ndinapatsidwa khasu, fosholo ndi ovololo ya munthu wina amene anachoka. Amenewo ndiwo anali Che Lajabu, khukhi wa panyumbapo. Anayamba ntchito pamenepo ana a dona asanabadwe, ndipo mmene ine ndinkafika anawo anali atakula n'kupita kusukulu zakutali. Buledi wawo ankadziwika msewu wonse. Madona ena ankawanyengerera kuseri kuti asamukire kwawo, iwo n'kukana.

Tinkagona m'kanyumba ka antchito, kamene kumeneko amati kaya, kuseri kwa khitchini. Pakati pa khoma la khitchini ndi khoma lathu panali kanjira kopapatiza, koti ukatambasula manja ukhudza uku ndi uku. Windo tinali nalo limodzi, loyang'ana m'kanjirako. Iwo anali Msilamu, ine Mkatolika wa ku mishoni, koma sitinakanganepo. Anapachika chiguduli pakati. Mbali yawo kunali bedi, bokosi lachitsulo, mkanjo woyera pa msomali ndi kamkeka koswalira. Nsapato zinkatsala pakhomo. Tsiku loyamba anandiuza kuti khitchini ndi ya mzungu, achite nayo zimene akufuna, koma muno ndi mmene iwo amaimirira pamaso pa Mulungu, choncho ndisalowetsemo mowa kapena nkhumba. Ndinasunga zimenezo zaka zonse.

Nkhumbayo azungu aja ankadya m'mawa uliwonse, bekoni ndi masoseji, ndipo Lamlungu mwendo wathunthu. Che Lajabu anali atapangana ndi dona kalekale kuti china chilichonse aphika, koma icho sachikhudza. Ndiye nthawi ya bekoni ikakwana ankandiitana ku maluwa. Ndinkakazinga m'chiwaya chakechake, iwo ataima pakhomo akundiuza potembenuza. Ndikamaliza ndinkasamba ndi sopo mpaka m'zigongono, n'kuvula ovololo panja ndisanalowe m'kaya. Mmenemo ndi mmene ndinaphunzirira kuphika.

Ankanditcha mwanangu, monga amanenera Ayao. Tsiku lopuma ankanditenga ku lokeshoni kukaona anthu akwathu akuvina beni, ndipo eni dziko akamatinena kuti Manyasalande obwera popanda nsapato, iwo ankandigwira mkono kuti ndisayankhe. Ndi iwonso amene anandionetsa anthu okhulupirika otumizira bulangete ndi nsalu kumudzi. Iwo ankatumiza kwa mlongo wawo, Abiti Sumani, ndipo mwana wa mlongo wawoyo, Yusufu, anamuphunzitsa sukulu ndi thukuta la m'khitchini imeneyo. Mkazi wawo anali atamwalira kale, osasiya mwana.

Pa windo la khitchini, mbali ya kukhonde, panali fani yakale yotulutsa utsi. Inali yakuda bii ndi mafuta, ndipo ikayatsidwa inkalira ngati chigayo mpaka magalasi kunjenjemera. Utsi wake unkatulukira pakhonde pamene dona ankakhala ndi anzake kusewera makadi. Zaka zonsezo anapirira nayo, mpaka tsiku lina anakacheza kwa mnzake amene anali atangoika chinthu chatsopano pamwamba pa chitofu. Anabwerako nkhope itasintha. Posakhalitsa kunabwera mmisiri, Mgiriki wamfupi wa pensulo kukhutu, atanyamula chibokosi pa vani. M'katimo munali chichitsulo chonyezimira, chotambalala kunsi, chokhala ndi sefa yawaya, getsi ndi mabatani. Che Lajabu anachitcha chipewa cha chitofu, ndipo dzinalo linakhala.

Mgirikiyo ntchito yake ankaidziwa, sindimunamizira. Anafotokozera dona kuti chipewacho chimakoka utsi, koma utsiwo uyenera kukatuluka kwina, ndipo njira zilipo ziwiri. Ina ndi yoti paipi ikwere, idutse siling'i, ikatulukire padenga. Imeneyo ndiyo yabwino, koma matailosi ena achotsedwe ndipo itenga nthawi. Ina ndi yoboola khoma la kuseri kwa chitofu n'kuikapo paipi yaifupi, ntchito ya tsiku limodzi. Chizungu ndinali nditayamba kuchimva, ndipo ndinali pomwepo nditagwira makwerero. Dona anati denga lake lisakhudzidwe, sakufuna chumuni choonekera kumsewu. Mgirikiyo anatuluka, anazungulira kuseri, n'kubwerera kudzanena kuti paipiyo ikatulukira pamenepo iyang'anizana ndi windo. Dona anapita kukaona yekha. Anaima m'kanjira kaja, anayang'ana windo lathu, mkanjo wa Che Lajabu ukuonekera m'kati.

"Kuno kulibe munthu," anatero. "Ndi kwa maboyi."

Che Lajabu anali pa sinki akutsuka mapoto. Chizungu ankachimva kuposa ine. Sanatembenuke.

Tinayamba ndi kuchotsa fani yakale. Misomali yake inali itadyana ndi dzimbiri moti Mgirikiyo anachita kuidula ndi sowo. Itatuluka, mafuta akuda anayenderera m'manja mwanga mpaka m'khwapa. Pamalopo anaikapo galasi latsopano, dona n'kunena kuti khonde lake lapuma tsopano. Kenako mmisiriyo anafuna kudziwa msinkhu wopachika chipewa. Anaitana dona kuti aime pa chitofu n'kuyezera pa mutu wake, munthu amene ngakhale dzira sankaphika. Che Lajabu, amene ankaima pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, palibe anawayeza. Kuchokera tsiku limenelo ankaphika atawerama, ndipo pachipumi pawo sipankapola.

Mgirikiyo anajambula chozungulira pakhoma ndi pensulo, anaboola kabowo pakati ndi makina ake mpaka kutulukira kunja, n'kundipatsa hamala ndi tchizulo. Khomalo linali la njerwa ziwiri. Anandiuza kuti ndigumule theka ndili m'kati, theka ndili kunja, kuti pulasitala asaphulike. Ndili kunjako, ndikamakweza hamala chigongono chinkagunda windo lathu. Njerwa yomaliza itagwa ndinabwerera m'khitchini, ndinasuzumira m'bowomo, ndipo ndinaona bedi la Che Lajabu. Tinalowetsa paipi, yopendekera pang'ono kunja kuti madzi a mvula asabwerere m'nyumba. Tinamata simenti m'mbali, ndipo kunja anaikako kachitseko ka timalata totseguka mphepo ikamatuluka. Chipewacho ndinachisenza paphewa iye akumanga. Analumikiza mawaya, anadina batani, n'kuika pepala pansi pa sefa. Pepalalo linamamatira pomwepo. Dona anasangalala kwambiri ndipo anapatsa Mgirikiyo mowa wozizira. Ine anandiuza kuti ndisese zidutswa za njerwa.

M'mawa mwake ndinakazinga bekoni monga mwa masiku onse. M'khitchini munali mbee ngati simukuphikidwa kanthu. Nditamaliza ndinasamba, ndinavula ovololo panja, n'kulowa m'kaya. Utsi unali utadzaza mpaka kudenga. Zaka zonse zija ndinkasamba mpaka m'zigongono kuti ndisalowetse nkhumba m'chipinda chimenecho, ndipo tsopano inali itandilowerera yokha, itakhala pa bedi, pa mkanjo, pa kamkeka.

Tinatseka windo. Koma kaya inali ya malata otsika, ndipo nyengo yotentha munthu sukanakhalamo. Ngakhale titatseka, utsi unkalowera m'mipata ya pakati pa malata ndi khoma. Timalata ta pa paipi tija tinkangoti phapha, phapha, tsiku lonse, kuyambira bekoni wa m'mawa mpaka nyama ya madzulo. Galasi la windo linachita mafuta oti ukalembapo ndi chala. Bulangete linkanyata. Madzi a m'ketulo amene Che Lajabu ankasambira asanaswali ankachita timaso ta mafuta pamwamba. Mkanjo anauchapa, anaunyika, anauyanika padzuwa, kenako anautsekera m'bokosi, koma fungo linalowa ndi m'bokosimo. Anayamba kukaswalira kuseri kwa galaja, pamene agalu ankagona, atasesa ndi kuthira madzi. Munthu wa imvi, wokhala ndi chipinda chake, akugwada pafupi ndi mbale za agalu. Kenako anayamba kutsokomola.

Anakapempha kwa dona mwaulemu, manja kumbuyo. Dona anawauza kuti atseke windo. Atanena kuti anatseka kale, anati ndiye azolowera. Ine ndinadikira bwana tsiku limene ndinkatsuka galimoto yake. Bwana anali munthu wosalankhula, wa kuofesi. Ndinamuuza kuti mu galaja muli chidutswa cha paipi chimene Mgiriki uja anasiya, ndipo atandilola ndingaike chigongono pa bowo lija kuti utsi uzikwera kupitirira denga la kaya. Sizikanamudyera kanthu. Anati afunsa dona. Mawa lake dona anandiitana n'kundiuza kuti paipi yokwera idzaoneka ali kuchipinda kwake ndipo idzadetsa khoma. Anaonjezera kuti waona kuti masiku ano maboyi ayamba ndale. Nthawi imeneyo nkhondo inali itayamba kumalire, ndipo mzungu akakutchulira mawu amenewo umadziwa kuti chotsatira ndi apolisi. Nkhani ya paipi ndinaisiyira pomwepo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mayi uja sanali wamisala kapena woledzera. Agalu ake akadwala, iye sankadya. Maluwa akafota ankawalankhula. Anaima m'kanjira kaja ndi maso ake awiri, anaona windo, anaona chovala cha munthu amene anabereka ana ake kumbuyo, n'kunena kuti kulibe munthu. Akanakhala kuti sanaone, bwenzi ndinaiwala.

Mwezi wa Ramazani unagwa m'nyengo yotentha. Che Lajabu ankasala tsiku lonse, osamwa ngakhale madzi, koma akuphikira ena. Zaka zonse ankati akamaliza chakudya cha masana amakagona pang'ono m'kaya kuti apeze mphamvu. Chaka chimenecho analibe pogona. Ankakhala pa chidebe pansi pa mtengo wa mapeyala, milomo itauma, akutsokomola mpaka misozi.

Lamlungu lina kunabwera alendo. Mwendo wa nkhumba unali mu uvuni, ndipo ine ndinali pa chitofu ndikukazinga masoseji, chipewa chikulira pamwamba panga. Che Lajabu analowa kuchokera panja, anadutsa pambali panga, anatambasula mkono n'kudina batani. Chinazima. Ndinawayang'ana, iwo anangoti ndipitirize kukazinga. Utsi unayamba kudzaza, unatsika mpaka m'maso, kenako unalowera pa chitseko cha kodyera kumene alendo anakhala. Tinamva wina akutsokomola. Dona analowa akukupiza dzanja kumaso.

"Lajabu, yatsa chinthucho."

"Iyayi, dona. Sindiyatsa."

Dona anadina yekha. Atangochotsa chala, Che Lajabu anazimitsanso. Sanakweze mawu. Anamuuza m'Chizungu, pang'onopang'ono, kuti zaka zonse zimene akhala panyumbapo sanapemphepo kanthu koma chipinda chimodzi choti azipempherapo, ndipo utsi umenewu ndi womwewo umene iwo amagona nawo, ndiye alendo aulaweko masana amodzi okha. Bwana anabwera ndi kansalu kopukutira kukamwa kali m'manja. Sanafunse chilichonse. Anawauza kuti kukacha asapezeke pa malo ake.

Ndinkaganiza kuti sipadzatha tsiku asanapeze ntchito ina, poti madona onse a mumsewuwo ankawasirira. Koma dona anaimbira mafoni anzake n'kuwauza kuti khukhi wake wamuchotsa chifukwa ali ndi chifuwa chachikulu. Aja ankawanyengerera kuseri aja anawalankhulira geti lili chitsekere. Anayesa m'madera ena, koma munthu wokalamba wotsokomola palibe anamufuna kukhitchini. Pomaliza anati abwerera kwawo.

Bokosi lawo ndinasenza ndine mpaka kokwerera. Panjira ndinawauza kuti inenso ndikusiya, ndipo ndisanachoke ndiphwanya chipewacho ndi hamala yomwe ija. Anaima, anadikira chifuwa chidutse, n'kundigwira paphewa.

"Mwanangu, uli ndi mwana amene sunamuonepo. Bwerera ukaphike."

Ndinabwerera. Dona anandipatsa epuloni yawo, akuti ndakwezedwa. M'mawa uliwonse ndinkadina batani lija ndi chala changa, n'kumva timalata tikuti phapha pa windo langa. Ndinachita zimenezo zaka zingapo. Kumudzi sindikanapita, msewu wa ku Tete unali wa mfuti ndi mabomba. Nkhondo itafika pafupi, azunguwo anagulitsa nyumba kuti asamukire ku Joni. Anaitananso Mgiriki uja, anamasula chipewa, anachikulunga m'mabulangete kuti chisakandike, n'kuchikweza pa lole ndi katundu wina. Ine dona anandigwira chanza, akuti ndinali boyi wabwino.

Kwathu ndinakupeza kutasintha. Pamalire anandimeta tsitsi akuti latalika. Pa Balaka anyamata a chipani anandiimitsa ndisanalowe mumsika mpaka nditagula khadi. Ku Utale mwana wanga wamkazi, amene ndinamusiya m'mimba, anali mtsikana wotunga madzi yekha. Atandiona anathawira kwa agogo ake n'kukanena kuti kwabwera abambo ena. Alamu anga anazungulira katundu wanga asanandifunse za ulendo. Koma mkazi wanga anali atasunga pakhomo. Ndi zimene ndinkatumiza anagula nkhumba, zinaswana, ndipo ndi zimene zinkadyetsa banja chaka cha njala.

Nditapuma pang'ono ndinakwera njinga kupita pa Ulongwe. Sindinavutike kufunsa. Anandilozera nyumba ya malata kufupi ndi msewu, imene inamangidwa ndi zimene Che Lajabu ankatumiza. Munkakhala Yusufu ndi banja lake, ndipo pakhonde ankagulitsirapo chimanga. Abiti Sumani ndinawapeza kuseri akusankha nandolo. Nditatchula dzina la mlongo wawo anayang'ana uku ndi uku, n'kundilozera kakhumbi ka udzu kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi khola la mbuzi.

Anali atakhala pakhomo, atawonda moti ndinawazindikira ndi kutalika kokha. Pambali pawo panali mbale imodzi ndi kapu imodzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanangu," n'kuyamba kutsokomola. Za mavuto awo sanandiuze. Anafunsa za mwana wanga, za mvula ya ku Utale, ndi ngati ndinaphunzira kuphika buledi wosapsa pansi.

Anandiuza ndi Abiti Sumani, motsitsa mawu. Tsiku limene Che Lajabu anafika, abale anasonkhana ndipo iwo anatsegula bokosi kuti agawe timphatso. Fungo linatuluka. Yusufu anatola mkanjo, anaununkhiza, n'kupatsira wina kuti anunkhizenso. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti mtchona wabwera, ndipo kumene anali ankadya nkhumba ndi azungu. Che Lajabu anafotokoza za chipewa ndi paipi, koma anthu a pa Ulongwe anali asanaonepo chinthu chotero, ndipo ena anaseka kuti chitofu chimavala bwanji chipewa. A shehe ananena poyera kuti munthu saweruzidwa ndi fungo la nsalu ndipo mzikiti ndi wa aliyense. Koma a shehe sankadya pakhomo pamenepo. Mkazi wa Yusufu anapatulira Che Lajabu mbale. Ana analetsedwa kulowa m'kakhumbi kawo. Munda umene unali wawo Yusufu anapitiriza kulima, ndipo nkhani yowabwezera sinatchulidwenso.

Ndinapita pakhonde pamene Yusufu ankayeza chimanga. Ndinadikira ogula achoke, ndipo ndinamuuza zonse, kuyambira pa fani yakale. Ndinati bowolo ndinaboola ndine, bekoni ndinkakazinga ndine, ndipo zaka zonse zimene ndinagona nawo chipinda chimodzi sindinaonepo amalume ake akukhudza ngakhale chiwaya chake. Ndinati ntchito inawathera chifukwa chokana nkhumba yomweyo, ali pa swaumu, kusala kwa Ramazani. Anamvetsera akusewera ndi chimanga m'manja. Nditamaliza anandifunsa kuti ndimapemphera kuti. Ndinati ndine Mkatolika.

"Ndiye mboni ya amalume ndi wodya nkhumba mnzawo," anatero, n'kuseka.

Ndinamugwira pakolala. Thumba la chimanga linagwa, anthu anayamba kusonkhana. Iye sanaope. Anandiuza motsitsa kuti ndimusiye, apo ayi aitana anyamata a chipani awauze kuti kwabwera munthu wochokera ku Halale ndi nkhani za ndale. Mawu omwe aja a dona, koma tsopano m'Chichewa, m'kamwa mwa mwana amene anaphunzira kulemba ndi thukuta la bambo amene uja. Masiku amenewo munthu ankatha kusowa ndi mawu ochepa kuposa amenewo. Ndinamusiya.

Ndinabwerera ku kakhumbi kuja n'kuwauza Che Lajabu kuti tikupita ku Utale. Anakana, akuti adzandilemetsa, komanso Msilamu akakhala bwanji pakati pa Akatolika. Ndinawakumbutsa kuti ine ndinakhala zaka zambiri kuseri kwa chiguduli chawo ndipo palibe chinandichitikira. Abiti Sumani analira koma sanaletse. Ndinawakweza pa kaliyala, bokosi ndinadzalitenga ulendo wachiwiri. Yusufu anationa tikudutsa ndipo sanadzuke.

Mkazi wanga ndinali ndisanamufunse, ndipo panjira ndinkaopa. Anawalandira, anawayalira mphasa, ndipo ine ndinamufotokozera zonse kuseri kwa nyumba. Patapita masiku ochepa ndinapeza khola la nkhumba lili pululu. Anali atazigulitsa zonse n'kugula mbuzi, ndipo mitengo ya kholalo anaisonkhera moto. Anagulanso poto watsopano ndi mbale zatsopano, osati za Che Lajabu okha koma za tonse, kuti tizidya pamodzi. Achimwene ake anabwera kudzakalipa kuti mkamwini wawabweretsera mlendo wothetsa chuma pamudzi. Anawayankha yekha kuti nkhumbazo sizinali zawo.

Anakhala nafe dzinja limodzi ndi masika ake. Masiku amene chifuwa chawaleka ankaphunzitsa mwana wanga kuphika buledi mu poto, makala pansi ndi pamwamba. Mwanayo anazolowerana ndi iwo asanazolowerane ndi ine, ndipo ndi iwo amene anamuuza kuti asiye kunditcha abambo ena. Ankaswalira pansi pa mtengo wa masawu kuseri kwa nyumba, ndipo ana a m'mudzi anaphunzira kusadutsa kutsogolo kwawo.

Anamwalira nthawi yozizira. Ndinatuma munthu kwa Asilamu a mudzi woyandikana nafe, ndipo anabwera ndi shehe wawo tsiku lomwelo. Anawasambitsa, anawakulunga m'sanda, anawaswalira, n'kuwanyamula kukawaika kumanda awo. Palibe anafunsa kuti ankagwira ntchito yanji kapena ankadya chiyani. Ku Ulongwe ndinatumizanso uthenga. Kumaliro sakanafika, poti Asilamu sagoneka mtembo, zimenezo ndikuzimvetsa. Koma ngakhale pa sadaka anabwera Abiti Sumani okha, wapansi, atatupa mapazi.

Yusufu anadzafika patapita nthawi, pa njinga, chimanga chitalowa m'nkhokwe. Anakhala pa mpando, anapepesa maliro mwachidule, kenako anati wabwera kudzatenga katundu wa amalume ake, poti mwini wake ndi iye. Sindinatsutse. Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa bokosi lija n'kuliika pamapazi pake. Analitsegula, anaona bulangete, jekete ndi mkanjo, anagwiragwira pansi ngati pali china, n'kutseka. Analikweza pa kaliyala, koma linali lalikulu ndipo linkapendama. Anafufuza m'matumba, anayang'ana uku ndi uku, kenako anandipempha kachingwe koti amangire.

Chingwe chinalipo, chinali pa msomali pakhonde pomwepo, ndipo tonse awiri tinkachiona. Ndinamuuza kuti kuno kulibe chingwe. Anachoka akukankha njinga ndi dzanja limodzi, linalo litagwira bokosi, ndipo lisanathe bwalo linali litagwa kale. Mkazi wanga anafuna kudzuka, ine ndinamuuza kuti akhale pansi.